Amene Anatsegula Botolo la Naitirasi

Pamene Konsitabolo Merania Pohatu ankafika pamalo otsitsira maboti mumtsinje wa Rakaia, ambulansi inali itachoka kale ndi Lyall Cathcart. Boti lake linali likadali pangolo, kumbuyo kwake kuli m'madzi. Chivundikiro cha injini chinali uko pamiyala, chopindika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe. Amuna a kalabu ya maboti anaima mozungulira, manja ali m'matumba, popanda woyang'ana mnzake. Wina anali atatola chipewa cha Lyall, n'kuchikuntha mchenga, n'kuchiika bwinobwino pampando wa galimoto yake. Merania anachiona chipewacho, ndipo chinamulimbitsa mtima pang'ono.

"Ali moyo?" anafunsa.

"Moyo ali nawo, mpaka kutukwana," anayankha Kelvin Duthie, makaniko amene ankayendera maboti onse a kalabu mpikisano usanachitike. Anali munthu wamfupi, wolankhula modukizadukiza ngati akutchula zipangizo. "Tsaya lapsa. Nsidze zapita. Khutu likutuluka magazi. Anangopotokola kiyi basi. Injini sinalire n'komwe."

"Petulo?"

"Petulo yekha saponya chivundikiro kutali chonchi. Kwerani muone."

Merania anakwera, n'kugwada kutsogolo kwa mipando, n'kusuzumira pansi pa denga la kumutu kwa boti. Botolo la buluu linagona mmenemo, lomangidwa ndi malamba awiri achitsulo, pakamwa pake pataloza kutsogolo, kumdima.

"Naitirasi," anatero Kelvin. "Wamuika sabata yatha. Ukadina batani ili pachiwongolero, mpweyawo umalowa mu injini limodzi ndi petulo wowonjezera. Boti limadumpha ngati lalumidwa ndi mavu. Koma ukazimitsa injini, mpopi wa botolo uzikhala wotseka. Ukausiya wotsegula, ndiye kachitseko ka magetsi kali painjinipo kakhale kodontha, mpweya umadzaza m'mimba mwa injini pang'onopang'ono. Maola ambiri. Mawa lake upotokole kiyi, ndi izi mukuonazi."

"Ndiye kuti a Lyall anaiwala kutseka."

"Sanaiwale. Dzulo masana ndinali naye m'shedi mwake. Anatseka ine ndikuona. Lero litangophulika ndinalowetsa dzanja: wotsegula mpaka kumapeto. Ndautseka ine, nditavala magolovesi."

"Pano palibe anakhudza?"

"Anafika, n'kukwera, n'kupotokola kiyi. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Wautsegula anautsegula dzulo, kunyumba."

Merania anaunika ndi tochi. Pakhosi pa botolo, pafupi ndi kagudumu kotsegulira, panali chinthu choyera chouma, ngati phala limene linapakidwa ndi chala. Anachinunkhiza. Chinali ndi kafungo kowawasa. Pobwerera chambuyo, bondo lake linakhudza pepala lopindidwa limene linagwera pansi pa mpando wa kumanzere. Linali mapu a mtsinje ojambula ndi pensulo ya kalipentala, timitsinje tonse togawikanagawikana, pena pali mtanda, pena muvi. Pakona panalembedwa kuti "Lachisanu". Malembawo anawadziwa: anali a Errol, mkulu wake wa Lyall. Ankawaona Lamulungu lililonse pabolodi la nyimbo kutchalitchi.

"Funsani Errol," anatero wina m'gulu muja, osadzutsa mutu.

Merania anayang'ana Kelvin. Kelvin anakanda chibwano.

"Mwezi watha, kukalabu. Aliyense anamva. Errol anauza mng'ono wakeyu kuti, 'Ukaika botolo limenelo m'boti la bambo athu, lidzakuphulikira, ndipo ine ndidzakhala ndikuonerera.' Kuyambira pamenepo salankhulana."

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu Errol Cathcart ankakhala pampando wa kumanzere uja, mng'ono wake akuwongolera, iye akuwerenga madzi n'kumaloza ndi dzanja kamtsinje koyenera kulowa. Ndi Errol yemweyo amene chaka chimene amayi a Merania anamwalira, chipale chofewa chitatseka msewu wa kumanda, anabwera ndi thirakitala popanda womutuma, n'kuulambula, n'kubwerera osamwa ngakhale tiyi.

Anaimbira foni bwana wofufuza milandu wa kutauni. Bwanayo anati abwera Lolemba m'mawa, ndipo ngati munthu anawopseza pagulu, n'kusiya pepala lake m'boti, adzamutenga tsiku lomwelo pamlandu wofuna kupha. Merania atadula foni anakhala kaye m'galimoto, manja ali pachiwongolero. Anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti maso ake aone zimene zilipo, osati zimene akufuna.

* * *

Glenys Mulvey, woyendetsa basi ya ana asukulu, Merania anamupeza akutsuka basiyo pabwalo pake. Anatseka madzi asanafunsidwe.

"Ndimadziwa kuti ufika, mwana wanga. Ndinamuuza bamboyu m'mawa kuti Merania afika tisanadye. Nanga Lyall? Nsidze zokha? Aa, zimera, zinali zambiri kale. Iwe ukufuna za dzulo. Ndinatsitsa ana omaliza cha m'ma folo koloko, pobwerera ndinakumana ndi Lyall pamlatho akupita kutauni, liwiro ngati akuthawa nkhondo, osakweza n'chala chomwe. Ndikufika pamitengo ya paini ija yotchinga mphepo kuseri kwa shedi yake, ndikuona pikiapu yobiriwira."

"Ya ndani?"

"Usandifunse ngati mlendo. Pikiapu yachitseko chofiira ili ndi angati kuno? Ya Errol. Galu wake ali kumbuyo, mwini wake palibe."

"Inali pachipata?"

"Kuseri kwa mitengo, ndikutero. Munthu wopita kwa m'bale wake amaima pakhomo n'kuliza hutala. Wobisa galimoto ali ndi chake." Glenys anafinya chinsanza, mawu ake n'kutsika. "Komatu ine Errol ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Ankatulutsa akangaude panja ndi kapu kuti aphunzitsi asawaphe. Ulembenso chimenecho."

"Mayi Noeline, akazi a Lyall, analipo pakhomo?"

"Noeline angapite kuti nyengo ino? Ali ndi tiana ta nkhosa tamasiye tisanu ndi tiwiri. Dikira pang'ono."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mazira khumi ndi awiri m'katoni, n'kuwaika pampando wa galimoto ya polisi osafunsa.

"Wawonda. Uzidya. Ndipo usathamange nawo m'mabampu."

* * *

Errol anali kubusa, atagwada pambali pa nkhosa imene inali itangobereka. Anapukuta kamwana ndi udzu, n'kukayandikiza kubere la make, n'kudikira mpaka katayamba kuyamwa. Kenako anaimirira. Anali wamtali, wowerama pang'ono, ndipo maso ake anali ofiira.

"Mwabwera," anatero.

"Ndabwera, bambo Errol. Pepala ili ndi lanu?"

"Langa."

"Linafika bwanji m'boti?"

"Ndinaliika."

"Chifukwa?"

Errol anayang'ana kumapiri. "Madzi osefukira a sabata yatha asintha mtsinje. Ndinauyenda Lachinayi ndi Lachisanu. Iye sadziwa kuwerenga madzi. Sanadziwepo."

"Bwanji osangowapatsa m'manja?"

"Sitilankhulana."

"Ndiye munabisa galimoto."

"Ee."

"Botolo munalikhudza?"

"Ayi."

"Munaona wina aliyense m'shedimo?"

Errol anawerama n'kuzula udzu, n'kuyamba kupukuta zala chimodzichimodzi. Galu anabwera n'kukhala paphazi pake. Merania anadikira. Ankadziwa kuti amuna a m'chigwa ichi sawakoka mawu. Umangoima nawo mpaka mawuwo atatopa kukhala m'kamwa.

"Noeline ali ndi ndani kunyumba?" anafunsa Errol.

"Sindikudziwa. Ndamva kuti abwerako kuchipatala kudzamwetsa tiana ta nkhosa. Mwandiyankha funso langa?"

"Akadzapeza kuti munthu anatsegula, amatani naye?"

"Ngati anachita dala, ndi ndende. Zaka zambiri."

"Ngati sanachite dala?"

"Ndiye ndi nkhani ina. Bambo Errol, munaona ndani?"

Errol anataya udzu uja.

"Lembani kuti ndine," anatero.

Merania anayang'ana kabuku kake. Sanalembe kanthu. Anakatseka n'kukabweza m'thumba.

"Mwandiuza kumene kuti simunalikhudze."

"Ndakumbukira tsopano."

"Inu bodza simulitha. Musaliyambe ndi ukalamba."

Pobwerera kugalimoto sanatembenuke, koma funso la Errol linamutsatira. Munthu amene mng'ono wake ali m'chipatala sanafunse za mng'ono wakeyo. Anafunsa za mlamu wake.

* * *

Noeline Cathcart anali atangovula mkono umodzi wokha wa chikhoti chimene anapita nacho kuchipatala pamene ankatsegula chitseko. Anali mayi wochepa thupi, wochita zinthu mofulumira, ndipo m'khutu anali ndi kachipangizo kothandiza kumva.

"Lowa, Merania. Madokotala akuti diso lapulumuka. Khutu limodzi mwina. Akufunsa kale za boti, tangoganiza. Khala, nditereke madzi."

Sanapite kuchitofu. Anatuluka kaye pakhomo la kuseri, ndipo Merania anamuona pawindo akuwerama pabotolo la gasi, n'kulitsegula. Madzi atawira anathira m'tipoti, n'kutulukanso, n'kukalitseka.

"Mumatero nthawi zonse?" anafunsa Merania.

"Kuyambira chaka cha chivomezi chachikulu. Kwa mchemwali wanga khoma silinagwe, koma paipi ya gasi inaduka, nyumba n'kupsa. Kuno palibe botolo limagona lotsegula. Amuna anga, bambo a Fiona, amandiseka, amati ndidzatseka ndi dzuwa lomwe. Idya sikono, ndi wa dzulo koma ndi wofewa."

Merania anadya. Kenako Noeline anasakaniza mkaka waufa ndi madzi ofunda m'ndowa, n'kuthira m'mabotolo a timiyendo, mkaka ukuyenderera m'zala zake. Merania anatenga mabotolo atatu n'kumutsatira kushedi.

Tiana ta nkhosa tinali m'khola la mabelo a udzu pakona, pansi pa nyale yotenthetsera. Tinalira tonse pamodzi. Merania anagwira mabotolo awiri, wina uku wina uku, maso ake akuyenda m'shedimo. Pafupi ndi chitseko panaima mabotolo awiri a gasi wowotcherera zitsulo. Pakhosi pa lililonse panali choyera chouma chija, chofanana ndi mkaka wa m'zala za Noeline. Pabotolo la chowotchera nyama chinaliponso.

"Mayi Noeline, dzulo madzulo munamwetsa nthawi yanji?"

"Cha m'ma hafu folo, monga mwa masiku onse." Noeline anakoka botolo m'kamwa mwa kamwana kosusuka n'kupatsa kanzake. Kenako analankhula osadzutsa maso. "Pali chimene sindinauze munthu, Merania. Chikundidya. Botolo lake lija analisiya lotsegula dzulo. Ndinati, bambo awa, nyale ikuyaka apa, udzu uli apa. Ndinakwera m'boti n'kulitseka ine, ndi dzanja langali, mpaka linakana kuzungulira. Ndiye ngati m'mawa linapezeka lotsegula, wina anabwera ine nditachoka. Potuluka ndinaona pikiapu ya alamu ikuchoka kumitengo. Sindikufuna kuti akhale iwo. Anandiyendetsa m'tchalitchi pa ukwati wanga, bambo anga atamwalira. Koma nanga ndani?"

Kamwana ka nkhosa kanatha mkaka n'kuyamba kuyamwa chala cha Merania. Iye anakasiya.

"Munadziwa bwanji kuti linali lotsegula?"

"Linazungulira. Likanakhala lotseka likanakana."

"Munamva kanthu?"

"Ndi phokoso la awa? Ndipo kachipangizo kanga ndimakachotsa ndikamalowa muno, amandigonthetsa."

"Munalizungulitsira mbali iti?"

Noeline anamuyang'ana ngati wafunsidwa dzina la mwana wake. Anakweza dzanja lamkaka n'kulipotokolera kumanja, monga amatsekera mpopi aliyense.

Merania anagwedeza mutu, n'kumuthandiza kutsuka mabotolo. Chimene chinali m'mutu mwake ankafuna achiyese kaye ndi dzanja lake.

* * *

Boti analikokera kugalaja ya Kelvin. Merania anamupeza atamasula kale kachitseko ka magetsi kaja, zidutswa zake zitandandalikidwa pansalu yoyera.

"Botolo ndi lotseka?" anafunsa Merania.

"Lotseka. Paipi ndachotsa, pakamwa ndatsekapo ndi chivindikiro. Palibe chingatuluke."

Merania anakwera, n'kugwada pamalo paja, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. Kagudumu sankakaona; zala zokha zinakapeza, kumutu kwa botolo, katayang'ana kutali ndi iye. Anatsinzina, n'kupotokolera dzanja kumanja monga anachitira Noeline. Kagudumu kanazungulira mofewa. Kanazungulira, n'kuzungulira, mpaka kanaima.

"Kelvin, ndatseka kapena ndatsegula?"

Kelvin anasuzumira ndi tochi. "Mwatsegula. Mpaka kumapeto."

"Koma ndapotokolera kumanja."

"Kumanja kwanu. Botolo lakufulatirani. Mukalifikira chakumbuyo, zonse zimatembenuka." Anaima, tochi ili m'manja. "Ndani?"

"Munthu amene wakhala akutseka mabotolo oimirira zaka zonsezi, osakumanapo ndi logona."

Kelvin anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Noeline. Kalanga mayi uja." Anapuma mozama. "Koma Errol wapulumuka."

"Wapulumuka."

Merania anatseka mpopi uja, nthawi ino mosamala, n'kukhala kaye pampando wa kumanzere. Mapewa ake, amene anali owuma kuyambira m'mawa, anamasuka mpaka anamva kuwawa kwake.

"Komabe mayi aja sali okha pamlanduwu," anatero Kelvin. "Botolo lotsegula pakachitseko kabwino silipha munthu. Taonani ichi."

Pansonga ya kasikuludiraiva panali kachidutswa koyera, kochepa kuposa chikhadabo cha mwana.

"Tepi ya mapaipi. Ija amakulunga pamapaipi a zomwera nkhosa. Kanadukira m'kati, n'kukakhala pakamwa pa kachitseko, kachitseko n'kulephera kutsekeka. Ndinamuuza katatu: Lyall, panaitirasi tepi ayi. Ndinamanga ndekha popanda tepi. Ine nditachoka wamasula, wakulunga. Mlimi akaona mazinga a paipi, dzanja limapita lokha m'thumba."

Merania anaika kachidutswako m'kathumba ka pulasitiki. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wangotula mtolo, ndipo Kelvin anamupatsa theka la bisiketi yake.

* * *

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Merania anatenga Noeline pagalimoto ya polisi kupita naye kuchipatala. Anamuuza ali m'njira, atayimitsa galimoto pambali pa msewu n'kuzimitsa injini. Anamuuza zonse ziwiri, za mpopi ndi za tepi, mosakometsera. Noeline anayang'ana dzanja lake lamanja nthawi yaitali.

"Ndiye si alamu," anatero pomaliza.

"Si iwo. Ayenera kuti anakuonani pawindo mukukwera m'boti. Dzulo anandiuza kuti ndilembe dzina lawo."

Apo ndi pamene Noeline analira. Merania anamupatsa mpango n'kudikira, akuyang'ana nkhosa za munthu wina kuseri kwa waya.

Anakapeza Lyall atakhala tsonga pabedi, theka la nkhope lili m'mabandeji. Chifukwa cha kugontha ankalankhula ngati akuitana galu kutsidya la mtsinje.

"Mwamumanga?"

"Ayi, bambo Lyall."

"Mwati chiyani?"

Merania anazungulira kukhutu labwino. "Ndati ayi. Sanalikhudze." Anaika kathumba ka pulasitiki pabulangete. "Ichi chinali m'kachitseko."

Lyall anakanyamula, n'kukayandikiza kudiso. Mbali ya nkhope yosamangidwa inafiira pang'onopang'ono.

"Ndinangokulunga kawiri kokha," anatero, mawu atatsika. "Kelvin sakhwimitsa mokwanira." Anabweza kathumba pabulangete. "Komabe botolo ndinatseka. Wina anatsegula."

"Ndine, bambo a Fiona," anatero Noeline. Anayandikira kukhutu labwino n'kubwereza, ndipo anafotokoza yekha, osalola Merania kumuthandiza: nyale, udzu, mkono pansi pa denga, kagudumu kozungulira. Odwala a pamabedi ena anasiya kuwerenga nyuzipepala.

Lyall anamuyang'ana ndi diso lake limodzi. Pakamwa pake panayamba kugwedezeka, ndipo Merania sanadziwe ngati kukubwera ndi mkwiyo. Kunali kuseka, kuseka kopweteka, dzanja litagwira bandeji.

"Zaka zonsezi ukunditsekera mabotolo, tsiku limodzi lokha lomwe ndatseka ndekha ndi lomwe wanditsegulira." Anagwira dzanja la mkazi wake, lomwelo lamanja, n'kuligwiritsitsa pachifuwa. "Ine tepi, iwe mpopi. Tikanafunsira ntchito limodzi, mayi. Usalire, undinyowetsera mabandeji."

Merania anatulutsa mapu aja n'kuwayala pamiyendo pake. "Awa anali pansi pa mpando wa kumanzere. Ndi chimene anabwerera."

Lyall anawayang'ana, chala chikutsata timitsinje. Chinaima pamtanda waukulu. Sanafunse kuti walemba ndani.

"Ali kuti?"

"Panja pa chitseko. Akhala pamenepo kuyambira m'mawa, anamwino akuti akana kulowa."

"Achimwene!" anafuula Lyall, mpaka namwino anasuzumira. "Lowani, mukutchinga njira."

Errol analowa chipewa chili m'manja, atavala jekete ya kutchalitchi ndi jombo za kubusa. Anayang'ana Noeline poyamba. Noeline anaimirira n'kumupatsa mpando wake, ndipo podutsana anamugwira mkono pang'ono.

"Mtanda uwu," anatero Lyall, akugogoda pepala. "Kamtsinje ka pansi pa phompho. Katseka?"

"Katseka. Miyala yokhayokha, madzi osafika m'kakolo."

"Ndi pamene ndimati ndidine batani."

"Ndimadziwa. Bwenzi tikukutola ndi fosholo."

"Mukanangondiuza pakamwa."

"Ukanamva?"

"Ndiye panopa ndi pamene ndimve, khutu limodzi?" Lyall anapinda mapu mosamala n'kuwaika pansi pa pilo. "Munati mudzakhala mukuonerera. Simunabwere n'komwe."

Errol anazunguza chipewa m'manja. "Mawu aja anali oipa. Ndawasenza mwezi wathunthu."

"Anali oipadi. Injini ya bambo yang'ambika pamwamba pokha, Kelvin akuti idzuka. Mpando wanu uja mudzakhalapo?"

"Botolo likachoka."

"Botolo lili m'manja mwa apolisi. Merania, usalibweze."

"Ndilisunga," anatero Merania.

Anatuluka mwakachetechete. M'khonde anaimbira bwana wa kutauni n'kumuuza kuti Lolemba asavutike ndi ulendo. Lipoti alipeza patebulo, ndipo mutu wake ndi ngozi. Akutsika masitepe ankamvabe mawu a Lyall akudutsa zitseko ziwiri, akutsutsa kuti kamtsinje ka kumanja sikanakhalepo kakuya, ndi mawu a Errol apansipansi akuti kakuya tsopano.

M'galimoto anapeza katoni ya Glenys ikadali pansi pa mpando, pomwe anaiiwala kuyambira dzulo. Anaitsegula. Dzira limodzi lokha ndi limene linali ndi mng'alu. Anaweramitsa mutu pachiwongolero n'kuthokoza, mwachidule, monga anazolowera. Kenako anakumbukira kuti hafu folo ikubwera ndipo Noeline sachoka msanga pambali pa bedi lija. Analiza galimoto n'kulunjika kushedi, kumene tiana ta nkhosa tisanu ndi tiwiri tinali kudikira mkaka.